Kukoka kalavani ndi galimoto ya 4x4: werengerani kaye musanamangirire

Ogulitsa magalimoto akuluakulu oyenda m'misewu yovuta ali ndi nambala imodzi imene amaikonda kwambiri: makilogalamu 3,500. M'maiko ambiri ndiyo yalembedwa pa Toyota Land Cruiser 300, Nissan Patrol Y62, Land Rover Defender 110 yatsopano, Ford Everest ya 2022 ndi Isuzu MU-X ya 2021. Munthu akaimva mtima umakhala m'malo, amvekere chilichonse chosafika matani atatu ndi theka ndikoka popanda nkhawa.

Nambalayo si yabodza. Koma ndi ya galimoto yopepuka, yoyenda pa tala, yokoka kalavani yokhala ndi mabuleki akeake. Mukakweza anthu, mukalonga zigubu za madzi ndi mafuta, mukapatuka pa tala n'kulowa m'fumbi, imanka nichepa. Nambala yanu yeniyeni mumaipeza pochotsera, ndipo ntchito imeneyi imachitika ndi cholembera m'manja injini isanalire. Ndimalimbikira pamenepa chifukwa galimoto ya 4x4 imanyenga. Imanyamuka ndi katundu wopyola muyezo osadandaula n'komwe, vuto n'kudzaonekera kutsogolo, pamtsetse kapena pakona, pomwe simungathenso kubweza.

1. Pezani manambala a galimoto yanuyo

Musadalire za mnzanu amene ali ndi galimoto yofanana nayo. Dzina likhoza kukhala limodzi, koma chaka, injini, giyabokosi ndi dziko limene anaikonzera kukagulitsa zimasintha malire. Tsegulani buku la galimoto, muyang'anenso kachitsulo kapena kapepala komatidwa pamphuthu ya chitseko kapena mkati mwa boneti. Lembani izi:

- kulemera kwa galimoto ili yokha, yopanda munthu ndi katundu
- GVM, ndiye kuti kulemera kumene galimotoyo siyenera kupyola itanyamula zonse
- GCM, malire a galimoto ndi kalavani zikaphatikizidwa
- malire a kalavani ya mabuleki, ndi a kalavani yopanda mabuleki
- malire a kulemera kotsamira pa mpira wokokera, kachitsulo kobulungira kaja komwe kalavani imakolekedwapo
- malire a ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo, iliyonse payokha

Mukatero gwadani kumbuyo muwerenge zolembedwa pa chitsulo chokokera, chifukwa nachonso chili ndi malire ake. Galimoto ya makilogalamu 3,500 yomangidwa chitsulo cha 2,000 yasanduka galimoto ya 2,000. Chofooka ndicho chimalamula. Chitsulo chongowotcherera chopanda nambala iliyonse, kapena mpira wongoboolera pa bampa, musachipatse katundu wolemera.

Pali misampha iwiri imene imagwira anthu ambiri. Woyamba ndi wa muyezo. Jeep Wrangler ya zitseko zinayi ku America kwa zaka zambiri yakhala ikulembedwa 3,500, koma amenewo ndi mapaundi, omwe ndi makilogalamu 1,588 okha. Wachiwiri ndi wa kalavani yopanda mabuleki. M'maiko ambiri malire ake ndi makilogalamu 750, galimoto ikule bwanji, ndipo magalimoto ang'onoang'ono safika n'pomwe. Suzuki Jimny ya 2018 imaloledwa 350 basi, ndipo 1,300 ngati kalavani ili ndi mabuleki. Komatu Jimny yomweyo imakwera miyala imene magalimoto aakulu amabwerera. Luso la m'tchire ndi mphamvu yokoka si chinthu chimodzi. Masipuling'i ofewa, kutalikira m'mwamba ndi kufupika kwa thupi, zomwe zimathandiza pamiyala, ndi zomwezonso zimachititsa kuti kalavani izikankha galimoto mmene ikufunira.

Nambalazi sizingolembedwa mwachisawawa. Ku America kuli muyezo wotchedwa SAE J2807. Galimoto imakoka katundu wake wonse pachitunda cha Davis Dam ku Arizona, mtunda wa makilomita 18, kunja kukutentha madigiri osachepera 37.8, choziziritsira mkati chitatsegulidwa mpaka pamapeto, ndipo isawire kapena kuyatsa nyali yochenjeza. Amaiyesanso kunyamuka pamalo okwera ndi 12 peresenti kasanu m'mphindi zisanu. Ndi mayeso okhwima ndithu, koma onsewa ndi a pamsewu wosalala. Mulibe mchenga, mulibe matope.

2. Chotserani

Apa ndi pamene pagona nkhani, choncho tiyende pang'onopang'ono. Tiyerekeze galimoto ya manambala awa, omwe sali kutali ndi a magalimoto ambiri a mtunduwu: ili yokha imalemera makilogalamu 2,300, GVM yake ndi 3,000, GCM ndi 6,000, ndipo imaloledwa kukoka 3,500.

Mukachotsa 2,300 pa 3,000 mutsala ndi 700. Amenewa ndiwo a anthu, zikwama, zipangizo ndi chilichonse chimene munamangirira galimoto itachoka kale kufakitale. Chimene ambiri amaiwala n'chakuti kulemera kotsamira pa mpira kumawerengedwanso momwemu, popeza ndi galimoto imene ikukusenza. Kalavani ya 3,500 yopakiridwa bwino imatsamiza pafupifupi 350 pa mpira. Theka la 700 uja lapita munthu asanakwere.

Tsopano yang'anani GCM. Mukachotsa 3,500 pa 6,000, galimoto imatsala ndi 2,500, ndipo yokha yadya kale 2,300. Otsala ndi 200. Ngati kutsogolo munaikako bampa yachitsulo ndi winchi (makina okulunga chingwe chokokera) zolemera 90, inu dalaivala 80, mwatsala ndi makilogalamu 30, omwe ndi chigubu chimodzi cha madzi cha malita 20 ndi jeke. Umu ndi mmene galimoto iyenera kupepukira kuti ikokedi 3,500.

Njira yabwino ndi kuyambira kwinaku. Lembani galimoto mmene mumayendera nayo masiku onse: bampa ndi winchi 90, anthu anayi 280, zikwama, madzi ndi zipangizo 130. Zonse 500, galimoto yafika 2,800. GCM ikukulolani kalavani ya 3,200, koma GVM yakusiyirani 200 okha a pa mpira. Popeza pa mpira pamafunika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a kulemera kwa kalavani, kalavani yanu ndi ya 2,000. Imeneyi ndiyo nambala yanu, ndipo ndi ya pa tala.

Zapapepala zikatha, kapimitseni pa sikelo yopimira magalimoto. Pimani galimoto itapakiridwa koma yosamangirira kalavani. Kenako mangirirani, mupime ekiselo yakutsogolo payokha, yakumbuyo payokha, kalavani ili kunja kwa sikelo. Pomaliza pimani zonse pamodzi. Tsiku loyamba limene ndinachita zimenezi ndinapeza ekiselo yakumbuyo itapyola malire, pomwe m'maso galimoto inkaoneka yabwinobwino ndipo GVM inali isanakwane. Katundu yemweyo nditamusunthira kutsogolo kwa matayala akumbuyo, vuto linatha.

Ngati kukoka mukungoyamba kumene, mabungwe a anthu oyenda ndi makalavani ogonamo ku Britain amalangiza kuti kalavani yodzaza isapose 85 peresenti ya kulemera kwa galimoto ili yokha. Si lamulo la boma, koma ndi malangizo anzeru. Kalavani yolemera kuposa galimoto imene ikuikoka imafuna manja ozolowera.

3. Chotseraninso ngati mukusiya tala

Buku la Land Rover Defender yakale lija linkanena mosabisa: kalavani ya mabuleki, makilogalamu 3,500 pamsewu koma 1,000 kunja kwa msewu, ndipo yopanda mabuleki 750 pamsewu, 500 kunja. Makampani ambiri salemba nambala yachiwiriyi, koma malamulo a chilengedwe sasintha chifukwa choti buku lakhala chete.

Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pa tala katundu amangotsatira. Pamabampu amadumpha n'kutera, ndipo potera chitsulo chokokera chimalandira nkhonya yoposa kulemera kwake kwenikweni, mobwerezabwereza, tsiku lonse. Mumchenga ndi m'matope matayala a kalavani sakankha, amangokwekwereka ngati nangula. Pamtsetse wa timiyala, kalavani imakankha kumbuyo kwa galimoto pomwe matayala alibe pogwira.

Maganizo anga ndi awa. Ngati buku lanu silinena kanthu, pamsewu wafumbi wosamalidwa bwino mukhoza kuyenda ndi nambala munapeza ija, bola muchepetse liwiro. Koma kumalo kofuna 4L (giya yokwawa yoyendetsa matayala onse anayi), kwa miyala, mchenga wakuya kapena zigwembe, tsatirani chitsanzo cha Land Rover, musapyole gawo limodzi mwa magawo atatu a nambala ya pa tala.

Kumapiri kulinso kwake. Mpweya ukamapepuka, injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 alionse okwera. Ya turbo imataya pang'ono, koma kuzizira kwake nako kumavuta.

4. Pakirani, kenako pimani pa mpira

Zolemera zikhale pansi, pafupi ndi ekiselo ya kalavani, cha kutsogolo kwake pang'ono. Pafupifupi magawo 60 pa 100 a katundu akhale kutsogolo kwa ekiselo. Mangani chilichonse ndi malamba, chifukwa katundu wosamanga amasuntha yekha pamabampu, ndipo kalavani imene munanyamuka nayo ili bwino imafika masana italemera kumchira.

Kalavani yolemera kumchira ndiyo imavina pamsewu. Ichi ndicho choopsa kwambiri pa zonse, choncho musayese kupeputsa pa mpira poika zigubu kapena tayala la sipeya kumbuyo kwenikweni. Ku Australia ndi ku America amawerengera kuti pa mpira pakhale magawo 10 pa 100 kapena kuposerapo pang'ono. Ku Ulaya makalavani amapangidwa mosiyana ndipo amatsamiza zocheperapo. Tsatirani za amene anapanga kalavani yanu, koma osapyola malire a galimoto.

Kulemeretsa kwambiri kutsogolo nako n'kolakwika, chifukwa mpira uli kuseri kwa matayala akumbuyo, ndiye umagwira ntchito ngati mpini wotukulira mwala. Ngati pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo pali mamita 2.8, ndipo mpira uli mamita 1.2 kuseri, makilogalamu 300 a pa mpira amafika pa ekiselo yakumbuyo ali pafupifupi 430. Owonjezerawo, 130, achotsedwa kutsogolo. Chiwongolero chimapepuka, mabuleki akutsogolo amachepa mphamvu, nyali zimaloza kumwamba n'kumathobwa anzanu m'maso. Kuika masipuling'i olimba kumaimitsa galimoto mowongoka, inde, koma sikukweza malire a ekiselo.

Kupima pa mpira n'kotheka ngakhale ndi sikelo yopimira anthu. Ikani kalavani pamalo athyathyathya, mutsekere matayala ndi miyala. Gonekani thabwa lolimba, mbali ina pa njerwa, mbali ina pa sikelo. Pakati penipeni pa thabwalo imikani chipika choti mlomo wa kalavani utsamirepo pa msinkhu wofanana ndi wa mpira. Zimene sikelo yaonetsa muchulukitse kawiri.

5. Mangirirani

Mpira ndi mlomo wa kalavani zikhale za saizi imodzi. Ku Ulaya, ku Australia ndi kumaiko ena ambiri mpira ndi wa mamilimita 50. Ku America kuli wa mainchesi 2, omwe ndi mamilimita 50.8, ndi masaizi ena awiri. M'maso amafanana, koma kusiyana kochepako n'kokwanira kuti mlomo usatseke bwino kapena uzigwedera. Mukatseka, pukusani kamwendo ka kalavani ngati mukufuna kuitukula. Kumbuyo kwa galimoto kukanyamuka nawo, ndiye kuti yagwira.

Kalavani iime mowongoka, kapena yoweramira kutsogolo pang'ono chabe. Magalimoto a 4x4 ndi aatali, makamaka okwezedwa, choncho nthawi zambiri pamafunika chitsulo chotsitsa mpira. Matcheni awiri apingasane pansi pa mlomo, kuti kalavani ikamasuka igwere pa matcheniwo osati kulasa pansi. Asiyireni mpata wokhotera, koma asakwekwereke. Kawaya kokoka mabuleki kalavani ikaduka kakoledwe pa galimoto penipeni, osati pa tcheni.

Ngati mukupita kwa miyala ndi zigwembe, mpira wamba uli ndi polekezera. Galimoto ikapendekera uku kalavani uko, umakanika kapena kuthyoka. Kumeneko kumafunika cholumikizira chozungulira mbali zonse, kapena cha ngowe ndi mphete chonga cha magalimoto a asilikali.

Dziwani mtundu wa mabuleki a kalavani yanu. Ena amagwira kalavani ikamakankha galimoto pochepetsa liwiro. Ndi osavuta, koma pamtsetse wautali amangogwirabe mpaka kutentha, ndipo mukabwerera m'mbuyo pachitunda sathandiza. Ena ndi amagetsi, olamulidwa ndi kabokosi ka pafupi ndi dalaivala, ndipo mukhoza kuwagwiritsa paokha ndi dzanja. Kwa munthu woyenda m'tchire, amagetsiwa ndi abwino koposa.

Yesani nyali zonse wina ataima kumbuyo. Popani matayala akumbuyo kufika pa mpweya wa katundu wodzaza umene walembedwa pamphuthu ya chitseko, ndipo popani asanayende. Werenganinso nambala ya katundu ya pambali pa tayala: 100 ndi makilogalamu 800 pa tayala limodzi, 112 ndi 1,120, ndipo 121 ndi 1,450. Magalasi azionetsa m'mbali monse mwa kalavani. Galimoto ikakhala yatsopano, dikirani ithe makilomita 800 kapena amene buku lanena musanayambe kukokera.

6. Pa tala

Mdani wa galimoto yokoka ndi kutentha, osati kuchepa mphamvu. Land Cruiser 300 ya dizilo imatulutsa 700 Nm (muyezo wa mphamvu yopotokola) injini ikuzungulira pang'ono, kuyambira maulendo 1,600 pa mphindi. Patrol Y62 ya petulo imafika 560 Nm pa 4,000. Zonse zimakoka, kungoti ya dizilo imakwera chitunda mofatsa pomwe ya petulo imafuna kulira ndipo imamwa kwambiri. Chimene chimayamba kugonja ndi oyilo wa mu giyabokosi ya otomatiki. Mukamva giya ikusinthasintha yokha pachitunda, isankhireni yotsika ikhazikike pamenepo. Ngati pali batani la kukoka, litsegulani. Pa manyuwo pewani giya yapamwamba kwambiri mukakoka zolemera. Mukafika pamwamba pa chitunda chachitali musazimitse injini ya turbo nthawi yomweyo, ilire kaye mphindi ziwiri.

Potsika gwiritsani giya yomwe mukanakwerera, injini izigwira galimoto. Pondani buleki mwamphamvu kwa kanthawi, musiye azizire, osati kungotsamiza phazi njira yonse. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi. A mtundu wa DOT 4 akakhala atsopano sawira mpaka madigiri 230, koma akayamwa madzi akhoza kuwira cha pa 155, ndipo akawira phazi limangolowa mpaka pansi. Asintheni zaka ziwiri zilizonse.

Liwiro la makilomita 80 pa ola ndi lokwanira. Ku Germany amenewa ndiwo malire a wokoka kalavani, pokhapokha atapatsidwa chilolezo chapadera cha 100. Pa 100 mphamvu imene mabuleki ayenera kuimitsa imaposa ya pa 80 ndi theka lathunthu ndi kakenso. Siyani mpata waukulu kutsogolo, ndipo pakona zungulirani patali chifukwa kalavani imadulira mkati.

Kalavani ikayamba kuvina, chifukwa cha mphepo kapena thiraki yodutsa, mtima umati pondani buleki. Musatero. Chotsani phazi pamoto pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chiwongoke, musalimbane nako kuvinako. Ngati muli ndi mabuleki amagetsi, finyani a kalavani okha, aikoke iwongoke. Za kuti muponde moto kuti iwongoke musazimvere, chifukwa liwiro ndilo limakulitsa kuvina. Zikadekha imani, musunthire katundu kutsogolo.

7. Mukalowa m'fumbi

Lowetsani 4H (matayala onse anayi pa magiya wamba) mutangosiya tala, musadikire kuterereka. Ngati galimoto yanu ndi ya mtundu wosankha pakati pa 2H (matayala awiri okha) ndi 4H yopanda difu yapakati (yolola matayala akutsogolo ndi akumbuyo kuzungulira pa liwiro losiyana), kumbukirani kuichotsa mukabwerera pa tala, apo ayi zitsulo zopereka mphamvu ku matayala zimapotana pakona mpaka china kuthyoka.

4L musaisunge ngati ya tsiku la tsoka. Imachulukitsa mphamvu yofika ku matayala, pafupifupi kawiri ndi theka pa Land Cruiser ndipo kanayi pa Wrangler Rubicon, ndiye galimoto imakwawa popanda kuwotcha kilachi kapena kutenthetsa oyilo. Igwiritseni ponyamuka pachitunda, potsika potsetsereka, potulutsa bwato m'madzi, ngakhale pobwerera m'mbuyo pamalo opanikiza. Pobwerera m'mbuyopo, gwirani chiwongolero cha pansi: komwe dzanja lapita ndi komwe mchira wa kalavani upite. Mukaona ikupindika, pitani kutsogolo muwongole, muyambirenso.

Phwetsani matayala, a kalavani omwe. Pamsewu wa timiyala ndi wokumbika ngati malata, kuchotsako pang'ono kumachepetsa kugwedezeka kumene kumamasula mabawuti. Mumchenga tsikani mpaka pakati pa 16 ndi 20 psi (muyezo wa mpweya wa m'tayala). Tayala lophwetsedwa limatalika pogunda pansi, ndiye limayandama m'malo mokumba. Anthu ambiri amaphwetsa a galimoto okha n'kudabwa kuti bwanji ikulemerabe, pomwe kalavani kumbuyo ikulima ngati pulawo. Matayala ali chonchi yendani pang'ono, musakhote mwadzidzidzi, ndipo popaninso musanakwere tala. Popanda pampu musaphwetse. Zimathandizanso kwambiri matayala a kalavani akamaponda m'mapazi a galimoto, osati kudzitsegulira njira yawoyawo.

Chitunda chilichonse chokayikitsa, tsikani mukachiyendere wapansi. Galimoto yokha ikalephera pakati, mumalowetsa rivesi n'kutsika bwinobwino. Ili ndi kalavani, kubwerera pamalo oterera ndi ntchito yoopsa, chifukwa kalavani imapindikira pambali n'kukoka galimoto kuti igudubuzike. Ngati mukukayika, gawani katundu mukwere kawiri. Pazigwembe lowani mopingasa pang'ono, tayala limodzilimodzi, chifukwa chitsulo chokokera ndicho chimayamba kugunda pansi.

Pamtsinje imani kaye. Mabering'i otentha akalowa m'madzi ozizira amayamwa madziwo. Pimani kuya ndi ndodo. Land Cruiser 300 imaloledwa mamilimita 700, Defender yatsopano mpaka 900, koma amenewa ndi a galimoto yokha. Kalavani yotsekedwa bwino imayandama, ndipo madzi othamanga akaikankha imatembenuza kumbuyo kwa galimoto. Madzi oti simungathe kuwawoloka wapansi musawalowe.

8. Mukatitimira

Matayala akangoyamba kuzungulira pamodzimodzi, chotsani phazi pamoto. Kupitiriza n'kudzikumbira dzenje. Tsikani muone chimene chagwira. Phwetsaninso matayala, fukulani kutsogolo kwa tayala lililonse, a kalavani omwe, ikani matabwa kapena nthambi, muyese mofatsa mu 4L, difu itatsekedwa kuti matayala azizungulira pamodzi, ngati chotsekera chilipo.

Zikakanika, masulani kalavani mutaitsekera matayala. Tulutsani galimoto yokha, iime polimba, kenako kokani kalavani ndi winchi kapena lamba wautali. Zimatenga nthawi, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikupemphani ndi mtima wonse. Musakoleke lamba wokokera pa mpira. Mpira anaupangira kukoka kosalala, osati kutsomphola. Lamba wa nayiloni wovuulira galimoto amatamuka pafupifupi 20 peresenti ndipo amasunga mphamvu yochuluka zedi. Mpira ukathyoka pakhosi umauluka ngati chipolopolo kulunjika galimoto inayo, ndipo anthu afa nazo zimenezi. Timphete tomangira galimoto pa sitima yapamadzi natonso si tokokera. Gwiritsani malo okokera omangidwa pa chasisi okhala ndi nambala, ndi shackle (chitsulo chonga U chotsekedwa ndi bawuti) yolembedwa malire ake, monga matani 3.25 kapena 4.75. Lamba akhale woduka pa kulemera kowirikiza kawiri kapena katatu GVM ya galimoto yopepuka mwa ziwirizo. Wolimba kwambiri satamuka, ndiye amangomenya zitsulo. Musalumikize malamba awiri ndi chitsulo. Yalani bulangete lolemera pakati pa lamba kuti akaduka agwere pansi, ndipo oonerera onse aime patali kuposa kutalika kwa lambayo ndi theka lake. Kukoka koyamba kukhale kofatsa.

Kukoka galimoto ina yowonongeka pamsewu ndi nkhani inanso. Injini ikazima, mabuleki ndi chiwongolero zimalimba. Giyabokosi ya otomatiki imadalira pampu yoyendetsedwa ndi injini, choncho kuikoka mtunda wautali matayala ali pansi kumaipsereza. Magalimoto ambiri a 4x4 amafuna kunyamulidwa onse pa lole. Onani buku musanamange chingwe.

9. Poima ndi pofika

Mukayenda makilomita 20 oyamba imani, muzungulire. Gwedezani malamba, onani mlomo ndi matcheni, yandikizani dzanja pakati pa tayala lililonse la kalavani. Kufunda n'kwabwino, koma lina likatentha kuposa linzake ndiye kuti bering'i kapena buleki yagwira. Bwerezani nthawi iliyonse mukaima, makamaka mukachoka pamsewu wa mabampu, pomwe manati a matayala amamasuka.

Galimoto yokoka kawirikawiri kapena yoyenda m'fumbi imawerengedwa kuti ili pantchito yolemetsa, ndipo mabuku ambiri amafupikitsa nthawi yosinthira oyilo, nthawi zina ndi theka. Mukafika kunyumba tsukani matope, mugone pansi ndi tochi, muyang'ane ming'alu mowotcherera chitsulo chokokera ndi pamene chagwirana ndi chasisi. Mng'alu watsopano umaoneka ngati kamzere kadzimbiri kopyapyala ngati tsitsi. Ngati munawoloka madzi, masulani kabawuti kothirira oyilo pa difu iliyonse muviike chala. Oyilo akatuluka wotuwa ngati wathiridwa mkaka, madzi alowa, ndipo muyenera kumusintha galimoto isanayendenso ulendo wina.